Mmene anyamata a ku California ankasandutsira Ford yotayidwa kukhala hot rod

Ford inapanga ma Model T oposa 15 miliyoni pakati pa 1908 ndi 1927, kenako ma Model A pafupifupi 5 miliyoni m'zaka zinayi zotsatira. Nde pofika m'ma 1930, chuma cha America chitagwa mu 1929 anthu ntchito kulibe, magalimoto amenewa anali mbwee m'malo ogulitsira zitsulo zakutha, ena athunthu ena ophwasulidwa kale, mtengo wake woti mnyamata wogwira ganyu pa filling station amatha kusonkhanitsa pang'onopang'ono n'kukoka imodzi kupita nayo kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Hot rod, galimoto yakale yomwe munthu waikonza yekha kuti izithamanga kwambiri, inabadwira kuseri kwa nyumba kumeneko. Makamaka ku Southern California, komwe dzimbiri silidya galimoto msanga chifukwa kunja n'kouma, komanso munthu utha kuyenda pa galimoto yopanda denga pafupifupi chaka chonse.

Chinanso chomwe California inali nacho ndi nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, monga Muroc, El Mirage, Harper ndi Rosamond. Awa ndi malo oti mvula ikagwa madzi amadikha pang'ono kenako n'kuphwa, n'kusiya dothi lolimba gwa, losalala, lotambalala makilomita ambirimbiri popanda mtengo, ngalande olo wapolisi. Anyamata amanyamuka mu Los Angeles Loweruka madzulo, kuyenda makilomita oposa 100 usiku, kugona pansi pambali pa galimoto kunja kukuzizira koopsa, m'mawa kusanatenthe n'kuyamba kumasula madigadi, windisikilini, magetsi, chilichonse cholemera kapena chogwira mphepo. Mpikisano ukatha amamanganso zonse n'kubwerera pa galimoto yomweyo, poti Lolemba ndi yomwenso iwaperekeze kuntchito. Mfundo imeneyi muigwire chifukwa ikufotokoza zambiri, galimoto inali imodzi, ndalama zochepa, nde chilichonse chomwe munthu wasintha chimayenera kuthamanga Lamlungu koma osakusiya panjira mkati mwa sabata.

Poyamba kunali chisokonezo chenicheni, magalimoto angapo kunyamuka nthawi imodzi, wotsogola yekha ndi amene akuona njira ena onse ali m'fumbi, ngozi zinali zosayamba ndipo chipatala chili kutali. Mu November 1937 makalabu angapo anagwirizana n'kupanga Southern California Timing Association, SCTA, kuti pakhale malamulo, magulu a injini komanso kuwerenga nthawi koyenera, ndipo wokonza mawotchi wina wa ku San Diego, Otto Crocker, ndi amene anadzawapangira makina owerengera liwiro odalirika. Muroc anadzaitenga asilikali, lero ndi mbali ya Edwards Air Force Base, nde anyamata anasamukira ku nyanja zinazo. SCTA kwa zaka zambiri sinkalola galimoto ya denga kupikisana, inkangofuna ma roadster, aja a anthu awiri opanda denga lachitsulo, n'chifukwa chake mpaka lero kuli anthu okakamira oti hot rod yeniyeni ndi roadster basi, coupe, ija ya denga lachitsulo, ndi yoyendera agogo.

Tiyambe ndi injini poti ndi komwe ndalama zimathera. Model T inali ndi masilinda 4 ndi ma horsepower 20, Model A 40. Makampani ang'onoang'ono ngati Rajo ndi Frontenac, iyi inali ya abale omwe aja dzina lawo lili pa magalimoto a Chevrolet, ankagulitsa mahedi okweza mavalavu pamwamba pa injini ya T, ndipo Cragar ndi Riley ankachita zomwezo pa ya A. Kenako mu 1932 Henry Ford anatulutsa V8 yotchipa, ma cubic inch 221 omwe ndi malita 3.6, ma horsepower 65, ndipo pofika 1934 inali pa 85. Osaganiza kuti V8 itangotuluka aliyense anathamangira, kwa zaka zingapo ma 4 okonzedwa bwino ankaikwapula ndithu ku nyanja zouma, V8 inadzalanda ufumu chakumapeto kwa m'ma 1930 itayamba kupezeka yotchipa m'magalimoto ochita ngozi komanso anthu atadziwa pomwe ikulephera.

Pomwe ikulephera ndi kapumidwe. Injini imeneyi amaitcha flathead chifukwa mavalavu sali mu hedi ngati injini za masiku ano, ali m'buloko pambali pa silinda, hediyo ndi chitsulo chophwatalala chongotseka pamwamba chokhala ndi mabowo a mapulagi ndi njira za madzi. Nde mpweya wosakanikirana ndi petulo umayenera kukwera kudutsa valavu, kukhota, kuyenda cham'mbali, kukhotanso kutsikira mu silinda, ngati munthu wa chimfine amene mwamuuza athamange mphuno zili zotseka. Potuluka nde ndi zoipa kuposa. Utsi umadutsa mkati mwa buloko pakati pa masilinda kuti ukatulukire kunja, ndipo mbali iliyonse ili ndi masilinda 4 koma mabowo a ekizosi atatu okha, awiri apakatiwo amagawana limodzi. Kutentha konse kwa utsiwo kumalowa m'madzi a injini. Ndi chifukwa chake flathead imadziwika ndi kuwira olo ili ndi mapampu a madzi awiri, ndipo mabuloko ambiri amang'aluka pakati pa mpando wa valavu ndi silinda.

Choyamba chomwe aliyense amachita chinali kuwonjezera makabuleta. Kabuleta yotchuka inali Stromberg 97, yomwe Ford yomweyo inkaika m'magalimoto ake nde imapezeka paliponse, umangofunika manifold, chitsulo chomwe kabuleta imakhalapo n'kumapereka mpweya ku masilinda, yoti ikwane ziwiri kapena zitatu. Vic Edelbrock, makaniko yemwe anali ndi galaja yake mu Los Angeles, anagula roadster ya 1932 mu 1938, sanakhutire ndi manifold zomwe zinalipo n'kupanga yake yomwe anaitcha Slingshot, ya makabuleta awiri. Mu November 1941, masabata atatu Japan isanaphulitse Pearl Harbor, galimoto yakeyo inafika mamailosi 121 pa ola, pafupifupi makilomita 195. Kampani ya Edelbrock yomwe mumaona ma sticker ake lero inayambira pamenepo. Anzake ngati Phil Weiand, Eddie Meyer ndi Barney Navarro anayambanso chimodzimodzi, kupanga chitsulo cha galimoto yako, chikathamanga Lamlungu anthu akufunsa Lolemba kuti ndi zingati.

Chachiwiri mahedi. Amagula a aluminiyamu okhala ndi timizere pamwamba, kapena wopanda ndalama amangopalitsa a Ford omwewo kuti compression, kupanikizika kwa mpweya mu silinda, ikwere. Koma apa pali msampha womwe flathead yokha ili nawo, ukapala hedi kwambiri compression ikukwera inde, koma kampata kaja komwe mpweya umadutsa kuchoka pa valavu kupita mu silinda kakuchepanso, nde wapeza uku wataya uku. Njira yake inali kusema buloko pamwamba pakati pa valavu ndi silinda kuti mpweya uzidutsa momasuka, zomwenso zikutsitsa compression yomwe umaifuna ija. Palibe yankho limodzi, makaniko aliyense anali ndi muyezo wake ndipo samauza mnzake.

Pa camshaft nde pamene panali ufiti weniweni. Camshaft ndi imene imalamula kuti valavu itseguke liti, mochuluka bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji. Kugula yatsopano yopangidwa mwapadera kunali kodula, nde amatenga ya Ford n'kuipala chakumsana kwa chotupa chilichonse, msanawo ukachepa chotupacho chimakhala ngati chatalika, valavu n'kumatseguka kwambiri komanso kuchedwa kutseka. Galimoto ikangoima injini imalira modukizaduka ngati izima, koma ikakwera ma rev nde ndi nkhani ina. Katswiri wa zimenezi anali Ed Winfield, yemwenso ankapanga makabuleta ake, ndipo mnyamata wina yemwe ankagula kwa iye n'kuphunzirako, Ed Iskenderian, anadzayamba kupala zake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha n'kukhala dzina lalikulu kuposa onse pa bizinesi imeneyi.

Amene anali ndi kangachepe amakulitsa injini yeniyeniyo. Mercury ya 1939 inabwera ndi flathead ya ma cubic inch 239, ndipo ya 1949 inabwera ndi crankshaft yotalikirapo ya mainchesi 4, yomwe imalowa m'buloko ya Ford. Ukaboola masilinda kufika mainchesi 3 ndi 3/8, crankshaft n'kuipala mokhotetsa dala kuti pisitoni iziyenda mainchesi 4 ndi 1/8, umapeza 296, pafupifupi malita 4.9, ndipo nambala imeneyi inali ngati chiphaso pakati pa anyamata a nthawiyo. Kuwonjezera mapaipi a ekizosi opanga okha okhala ndi chotsekera chomasula ukafika ku nyanja, flywheel yopepuka, moto wa mapulagi wamphamvuko, injini yomwe inatuluka ku fakitale ndi 85 kapena 100 imatha kupitirira 150 ikuyendabe mumsewu. Ku mpikisano ambiri amasiya petulo n'kuthira methanol, yomwe imazizira bwino komanso imalola compression yokwera. Kunalinso mahedi a Ardun a 1947, opangidwa ndi Zora Arkus-Duntov ndi m'bale wake Yura, omwe amasamutsiratu mavalavu kupita pamwamba, koma anali odula ndipo anapangidwa ochepa. Zora yemweyo ndi amene anadzatchuka ndi Corvette, galimoto yothamanga ya Chevrolet.

Tsopano ine pomwe ndimaona kuti nkhani yonse yagona ndi pansi pa galimoto, ndipo munthu woyenera kumuthokoza ndi Henry Ford chifukwa cha kuuma mutu kwake. Mkulu ameneyu samafuna kusintha zinthu. Makampani ena atasamukira kalekale ku njira zatsopano, Ford inakakamirabe ekiselo yachitsulo chimodzi kutsogolo ndi sipuling'i imodzi yopingasa kutsogolo ina kumbuyo, kuyambira pa Model T mpaka 1948. Mabuleki a mafuta anawakana mpaka 1939, iye kumati ndodo zachitsulo ndi zomwe angazikhulupirire. Kwa wogula galimoto yatsopano izi zinali zotsalira, koma kwa mnyamata wa kuseri kwa nyumba uja zinali mwayi wosaneneka, chifukwa zitsulo za magalimoto a zaka 20 zimalowana, zina pongomanga mabawuti zina pongosema pang'ono. Utha kutenga bodi ya Model A ya 1929 yomwe ndi yaing'ono komanso yopepuka, kuikhazika pa chesisi ya 1932 yomwe ndi yolimba komanso inapangidwira V8, kuika injini ya Mercury, giyabokosi ya 1939 yomwe ndi yomaliza kukhala ndi ndodo ya giya pansi Ford isanaisamutsire pa chiwongolero, mkati mwake n'kulowetsamo magiya a Lincoln Zephyr oti giya 1 ndi 2 zizikoka nthawi yaitali, mabuleki a mafuta a 1940, kutsogolo n'kuvekapo chigoba cha ladiyeta cha 1932 chifukwa ndi chokongola kuposa zonse. Galimoto yotere Ford sinapangepo, koma pafupifupi bawuti iliyonse ndi ya Ford. Chevrolet inagulitsanso magalimoto ambirimbiri nthawi imeneyo koma inalibe V8, ndipo mabodi ake anali ndi matabwa ambiri mkati omwe amawola, nde sinalowe m'nkhaniyi mpaka mochedwa.

Kutsitsa galimoto kunali ndi njira zingapo ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Ekiselo yakutsogolo amaitenthetsa kunsonga zonse ziwiri mpaka kufiira n'kuikoka kuti malo omanga matayala akwere m'mwamba, ndekuti galimoto yatsika mainchesi awiri kapena atatu sipuling'i osaikhudza. Ed Stewart wa ku San Diego anatchuka ndi ntchito imeneyi mpaka dzina la Axle linangomukanirira. Koma ukatero timikono ta chiwongolero timayamba kugunda ekiselo, nde natonso tifunika kutenthetsa n'kupinda, ndipo ukapinda molakwika galimoto imayamba kudya matayala komanso kukoka mbali ikagunda bampu. Kumbuyo amadula chesisi n'kuilumikiza mokwera ngati sitepe kuti difu ipeze malo. Palinso chitsulo chonga chilembo V chomwe chimagwira ekiselo yakutsogolo n'kukamangika pansi pakati pa galimoto, injini yaikulu ikalowa chimasowa malo nde amachidula pakati n'kumanga mwendo uliwonse m'mbali mwa chesisi. Zimaoneka bwino, koma Ford anachipanga chonchija kuti ekiselo izipendekeka momasuka pa msewu wokumbika, ukachigawa ekiseloyo imayamba kupotoka ndipo china chake chimadzathyoka tsiku lina.

Matayala akuluakulu kumbuyo ang'onoang'ono kutsogolo, amene lero anthu amaika pofuna sitayilo, anayamba ngati masamu. Tayala lalitali likazungulira kamodzi limayenda mtunda wautali, nde ndi chimodzimodzi kusintha magiya a mu difu koma motchipa, ukafika ku nyanja umangosintha matayala basi. Laling'ono kutsogolo ndi lopepuka ndipo siligwira mphepo. Galimoto n'kumaoneka yoweramira kutsogolo, maonekedwe omwe mpaka lero ndi chizindikiro cha hot rod. Chakumapeto kwa m'ma 1940 Ted Halibrand anayamba kugulitsa difu yoti umatsegula kumbuyo n'kusintha magiya awiri m'mphindi zochepa, koma imeneyo inali ya anthu a ndalama zawo.

Pa bodi pali ntchito zitatu zomwe anthu amasokoneza. Channel ndi kudula pansi pa bodi n'kuitsitsa kuti ivale chesisi m'malo mokhala pamwamba pake, kenako n'kuwotchereranso pansipo mokwera, galimoto yatsika popanda kukhudza masipuling'i koma woyendetsa wakhala pafupifupi pansi miyendo ili tambalale. Yosatsitsidwa chonchi, yongochotsa madigadi bodi ili pamwamba pa chesisi, amaitcha highboy, ndipo kwa ine roadster ya 1932 yotereyi palibe yoiposa, chesisi ya chaka chimenecho ili ndi kamzere kokongola m'mbali komwe Ford anapangira kuti kazioneka. Section ndi kudula lamba m'mimba mwa bodi yonse kuzungulira n'kulumikiza chapamwamba ndi chapansi, ntchito yowawa kwambiri yomwe ochepa okha amaiyesa. Chop nde yotchuka ija, kudula mizati ya denga n'kulitsitsa.

Chop imamveka yophweka mpaka utaigwira. Pa Model A mizati ndi yoongoka, ukadula mainchesi atatu denga limangotsika n'kukhala pamalo pake. Koma magalimoto a pambuyo pake mizati ndi yopendekeka, pansi yotambalala pamwamba yopanikizana, nde ukadula pakati chapamwamba sichikumananso ndi chapansi, denga lafupika komanso lachepa. Usankhe, kuweramitsa mizati kwambiri kapena kudula dengalo n'kuikamo chigamba kuti litalike. Zitseko nazo zidulidwe mofanana kuti zizitsekeka, magalasi adulidwe, ndipo mwayi wa nthawi imeneyo unali woti magalasi ambiri anali ophwatalala, a mapepala awiri omatidwa pakati, omwe amadulika. Galasi lolimbitsidwa ndi moto silidulika, limangophulika kukhala timiyala. Zonsezi amachita ndi sowo yamanja ndi moto wa gasi, ndipo lata la denga likatentha limapindika, nde umawotcherera pang'ono n'kumenya ndi hamala pomwepo kusanazizire, kusuntha pang'ono n'kubwerezanso, denga lonse. Usanadule n'komwe umayenera kuwotcherera zitsulo zopingasa mkati mwa bodi, apo ayi denga likangochoka bodi yonse imakhota ndipo zitseko sizidzakhalanso bwino.

Ku nyanja zouma chop inali yochepetsa mphepo. Bungwe lina la Russetta limalola ma coupe, ndipo linali ndi lamulo loti windisikilini isachepere mainchesi 7. Abale awiri, Bob ndi Dick Pierson, ndi makaniko wa kwa Edelbrock Bobby Meeks, anaona kuti lamulolo silinanene kuti galasilo liime chilili, nde pa coupe yawo ya 1934 anatsitsa denga mopitirira muyezo n'kugoneka galasi la mainchesi 7 lija chagada. Inakwanitsa lamulo, ndipo inayamba kuchititsa manyazi ma roadster omwe ankanyoza magalimoto a denga.

Nkhondo inaimitsa zonse. Mu 1942 boma linaletsa mipikisano ya magalimoto pofuna kusunga petulo ndi matayala, mafakitale anasiya kupanga magalimoto a anthu wamba, anyamata ambiri anapita kunkhondo ma roadster ali pa mathandala m'magalaja. Veda Orr, mzimayi woyamba kuloledwa kupikisana mu SCTA, ndi amene anapitiriza kulemba kanyuzipepala ka bungweli n'kumatumizira anyamatawo komwe ali, ndipo kamawerengedwa ndi asilikali a m'zigawo zina omwe anali asanamvepo za Muroc. Atabwerako mu 1945 anali anthu ena, ambiri ataphunzira kukonza injini za ndege, kuwotcherera, kusema zitsulo pa makina, m'thumba muli kandalama, magalimoto atsopano akusowa, katundu wotsala wa asilikali akugulitsidwa motchipa. Malamba a mipando, mipando ya aluminiyamu ya mu ndege, mapampu, magauge, zonse zinalowa mu hot rod. Bill Burke anaona matanki a mafuta omwe ndege zimanyamula kunsi ali kunkhondo pa chilumba cha Guadalcanal, n'kuganiza kuti chinthu chosongoka chonchi akatswiri anachipanga kale kuti chizing'amba mphepo, bwanji osangolowetsamo injini ndi munthu. Mu 1946 anachitadi, ndipo posakhalitsa matanki a ndege ya P-38 anali ponseponse ku El Mirage. Chaka chomwecho Alex Xydias anatsegula So-Cal Speed Shop ku Burbank. Mu 1948 Stu Hilborn anafika mamailosi 150 pa ola ndi fuel injection yopanga yekha, mu 1949 SCTA inachititsa mpikisano wake woyamba pa chidikha cha mchere cha Bonneville ku Utah, ndipo mu 1950 galimoto ya So-Cal inafika 210, makilomita pafupifupi 338, ikadali ndi flathead yachimfine ija.

Koma si onse amapita kuchipululu. Ambiri amapikisana m'misewu ya m'tauni usiku, anthu kumafa, nyuzipepala kumalemba za hot rod ngati za zigawenga ndipo apolisi kumagwira aliyense wopanda madigadi. Pofuna kutsuka dzina, SCTA inakonza chionetsero mu Los Angeles mu January 1948, ndipo pakhomo pake mnyamata wa zaka 21, Robert Petersen, ankagulitsa kope loyamba la magazini ya Hot Rod pa masenti 25. Magaziniyi ndi imene inatengera nzeru za ku California m'dziko lonse, ndi zithunzi komanso maadiresi oitanitsira sipeya pa positi. Mu 1950 C.J. Hart anayamba kuchititsa mipikisano ya sabata ndi sabata pa bwalo la ndege ku Santa Ana, ndipo mu 1951 mkonzi wa magazini ija, Wally Parks, anayambitsa NHRA (National Hot Rod Association), bungwe loyendetsa mipikisano yotereyi. Mpikisano umenewu wa mamita 402 kuchoka poima umafuna galimoto yosiyana ndi ya ku nyanja, uku n'kunyamuka mwamphamvu uko kunali liwiro la pamapeto, nde kamangidwe kanayamba kugawikana ndipo galimoto imodzi ya Lamlungu ndi Lolemba ija inayamba kutha.

Pambali pa onsewa panali gulu lina lomwe liwiro silimawakhudza kwenikweni, a custom. Awa amatenga magalimoto atsopanoko, a madigadi onenepa a chakumapeto kwa m'ma 1930 kupita m'tsogolo, cholinga kuti Ford kapena Chevrolet yotchipa izioneka ngati galimoto ya bwana. Kuchotsa zogwirira zitseko, zilembo ndi zonyezimira za pa boneti ndi buti, kumiza magetsi mkati mwa bodi, kutseka matayala akumbuyo, kubwereka grille ya Packard, LaSalle kapena DeSoto, kuveka denga lofewa lokhuthala la ku shopu ya Carson mu Los Angeles. Ndipo pomwe hot rod imaweramira kutsogolo, custom imakhalira kumbuyo. Harry Westergard wa ku Sacramento ndi mmodzi mwa oyambitsa, George Barris anaphunzirako kwa iye ali mnyamata, kenako George ndi mkulu wake Sam anatsegula shopu yawo ku Los Angeles, komwe ankalimbana ndi abale enanso, Gil ndi Al Ayala.

Mabowo onse otsala ndi mizere yowotcherera amaikwirira ndi mtovu, poti fila wapulasitiki amene opanga bodi amagwiritsa ntchito lero anadzabwera chapakati pa m'ma 1950. Ntchito yake ndi iyi, kupala lata mpaka liyere, kulipaka asidi ndi kansalu kopyapyala ka tini kuti mtovu ugwire, kutenthetsa ndodo ya mtovu wosakaniza ndi tini, kawirikawiri magawo 70 pa 30, mpaka ifewe koma isasungunuke, kuupaka ndi thabwa lonyika m'mafuta a ng'ombe kuti lisamatirire, ukazizira n'kuusalaza ndi fayilo. Moto ukachepa sugwira, ukachuluka mtovu ukuyenderera pansi lata likupindika. Asidi uja ukapanda kutsuka bwino amadzatulukira pansi pa penti patapita miyezi. Ndipo fumbi la mtovu ndi poizoni, anthuwa ankapuma tsiku ndi tsiku opanda chotchinga kukamwa. Mmisiri weniweni amawongola lata ndi hamala mpaka pafupifupi kutha, mtovu n'kungopaka pang'ono, koma waulesi amangounjika, galimoto n'kulemera, n'chifukwa chake a hot rod ankawaseka kuti akuyendetsa lead sled, kutanthauza chileyi cha mtovu.

Mfumu ya gulu limeneli ndi Mercury ya 1949 mpaka 1951. Sam Barris anali mmodzi mwa oyamba kudula denga la Mercury ya 1949, yakeyake, ndipo denga limenelo ndi lozungulira mbali zonse moti kulitsitsa kumafuna kupanganso mbali yonse yakumbuyo kuti mzere utsetsereke bwino mpaka ku buti. Mu 1952 shopu yawo inamangira Bob Hirohata Mercury ya 1951, anaichotsa mizati yapakati, kuiveka zonyezimira za m'mbali za Buick, kuipenta mitundu iwiri yobiriwira nthawi yomwe anzawo onse ankapenta zakuda ndi zofiirira. Galimoto imeneyo inagulitsidwa pa okushoni mu 2022 pa madola pafupifupi 2 miliyoni. Ine mtima wanga uli ku ma roadster, koma kunena chilungamo luso la manja lomwe linali pa custom yabwino limaposa la hot rod zambiri za nthawiyo, zomwe ukaziona pafupi m'zithunzi zakale zinali zokhotakhota, zowotcherera mwachisawawa, zambiri zili mu primer chifukwa ndalama ya penti inapita ku camshaft.

Chomwe chinatseka nyengo imeneyi ndi Detroit yomwe, kwawo kwa makampani aakulu a magalimoto ku America. Mu 1949 Cadillac ndi Oldsmobile anatulutsa ma V8 a mavalavu pamwamba, Cadillac yake ma horsepower 160 isanakhudzidwe ndi sipanala, mphamvu yomwe mnyamata wa flathead amaipeza atawononga malipiro a miyezi. Chrysler inabwera ndi V8 yake yotchedwa Hemi mu 1951 ya 180. Ford inasiya flathead m'magalimoto a ku America itatha 1953, ndipo mu 1955 Chevrolet inatulutsa V8 yake yaing'ono ya ma cubic inch 265, yopepuka, yotchipa, yokonda ma rev. Injinizi zitangoyamba kufika m'malo a zitsulo zakutha kuchokera m'magalimoto a ngozi, makampani omwe aja ankapanga mahedi a flathead anayamba kugulitsa zolumikizira zoti injini ya Cadillac, Oldsmobile kapena Chevrolet imangike ku giyabokosi ya Ford ya 1939, ndipo giyabokosiyo, yomwe inapangidwira ma horsepower 85, inayamba kuthyoka mano pafupipafupi moti anyamata amasunga ina yapadera mu galaja.